Kachitsulo ka mipata 6 ka m'bokosi la agogo: momwe kafukufuku akuyendera

Meyi, sabata yoyamba

Cholinga cha ntchitoyi ndi kudziwa kuti kachitsulo aka kankagwira ntchito yanji, ndipo zikatheka, anakasula ndani, nanga liti. Kanapezeka pansi penipeni pa bokosi la zida la malemu agogo aamuna ku Domasi, pamodzi ndi puleni yamtengo, matchizulo, sikweya ndi tupa wakutha. Zinazo aliyense amazidziwa. Aka kokha ndiye kasowetsa banja lonse chonena.

Ndiyambe ndi maonekedwe, chifukwa pa zithunzi za pafoni kukula kwa chinthu kumanamiza. Utali wake wonse ndi masentimita 19. Chigwiriro ndi chamtengo, chobulungira bwino, chodzaza dzanja, ndipo pomwe mtengo wakumana ndi chitsulo pali mphete yamkuwa yong'aluka mbali imodzi. Chitsulocho n'chophwathalala, masentimita 8 mulitali, 3 ndi theka mulifupi, kukhuthala mamilimita 4. M'mphepete mwake anachekamo mipata 6, itatu uku, itatu uko. Mpata uliwonse ndi wowonda polowera, koma mkati umakathera pa kabowo kozungulira, ngati bowo la kiyi pachitseko. Palibe mipata iwiri yofanana. Pakuthwa palibenso: kachitsuloka sikadula, sikaboola, sikapala.

Ndadziikira lamulo limodzi: gulayindala ndi sanipepa zisayandikire. Ndaonapo anthu akupala zida zakale mpaka kuchita mbee, kenako n'kumafunsa kuti dzina la kampani linali pati. Dzimbiri likhoza kudikira, koma zilembo zikafufutika ndiye zapita.

Maganizo a pagulu la banja pa WhatsApp ndawalemba onse, ngakhale oseketsa. Abambo aang'ono akuti n'chotsegulira mabotolo cha azungu. Msuweni wanga wa ku Lilongwe akuchita kulumbira kuti n'chomangira masipoko a njinga. Wina wati n'chozulira timisomali ta nsapato. Azakhali aakulu sanatchule ntchito. Angoti amakumbukira kuti bambo awo ankakaponya m'thumba la ovolosi akamalawirira kuphiri, ndipo mwana akapezeka akuseweretsa ankalandira mbama. Mawu a azakhaliwa ndawaika padera. Munthu salawirira ku Malosa m'mamawa uliwonse atanyamula chotsegulira mabotolo.

Meyi, sabata yachiwiri: kutsuka

Ndinaviika mbali yachitsulo yokha m'palafini, chigwiriro chili kunja, kenako n'kumatsuka pang'onopang'ono ndi mswachi wakutha komanso kawaya kofewa kotsukira mapoto. Ambiri amathamangira vinega poti amachotsa dzimbiri msanga. Koma vinega ndi asidi, sasankha: akatha dzimbiri amayamba chitsulo, ndipo zilembo zomwe zinali kale lendelende zimatheratu. Palafini ndi wochedwa koma sawononga.

Zilembo zilipo. Masana sizioneka. Usiku ndinazimitsa magetsi n'kuyatsa tochi chapambali, kuwala kukudutsa chogona pamwamba pa chitsulo, ndipo timaenje tonse tinachita mthunzi. Nditapakapo choko n'kupukuta ndi chala, panatuluka mizere iwiri. Wapamwamba ukuwerengeka CAST ST, kwinako kunadyeka. Wapansi ukuthera ndi FFIELD. Pambali pake pali kachizindikiro kokhala ndi timasamba, koma dzimbiri linachita kukumba pomwepo.

FFIELD kwake ndi ku Sheffield basi, mzinda wa ku England womwe kwa zaka mazanamazana unkadyera mipeni, masowo, atupa ndi matchizulo. CAST STEEL chinali chidindo chodzitamandira nacho. M'zaka za m'ma 1740, Benjamin Huntsman, yemwe poyamba anali wopanga mawotchi, anapeza njira yosungunulira chitsulo m'miphika yadothi kuti chizituluka chofanana paliponse, chopanda poti apa pofewa apa polimba. Opanga zida ku Sheffield anakhala akudinda mawu amenewa pa katundu wawo mpaka kulowa m'zaka za m'ma 1900. Ndiye kuti kochokera ndakudziwa, koma chidindo chokhachi sichingandipatse chaka.

Wandithandiza kwambiri ndi tupa. Ndinakhudzitsa tupa watsopano pangodya yobisika, pafupi ndi mphete. Pa msomali tupa amaluma. Apa anangotsetsereka, kamzere komwe anasiya kochita kufufuza. Chitsulochi anachilimbitsa dala, pochiwotcha n'kuchizimitsa. Palibe angavutike choncho pofuna kutsegula botolo kapena kuzula kamsomali ka nsapato. Aka kanapangidwa kuti kazilimbana ndi chitsulo chinzake. Abambo aang'ono akutsutsabe, koma ganizo lawo ndalichotsa.

Mtengo wa chigwiriro si wakuno. Ndi wotuwa mofiirira, uli ndi timadontho titalititali tochuluka mbali zonse, zomwe ndi zizindikiro za beech, mtengo womwe amisiri a ku Britain ankakonda kupangira zigwiriro ndi mapuleni. Chigwiriro ndi chomwe kanabwera nacho, agogo sanasinthe.

Meyi, chakumapeto

Kwa mkulu wokonza njinga pafupi ndi msika wa Zomba nkhani sinachedwe. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kukoka limu yomwe ankamanga, kuyesa mpata waukulu pa kanati ka sipoko. Sikanalowe.

"Achimwene, aka kachepa kukamwa. Sipoko yeniyeniyo ikulowa, koma ife sitigwira sipoko, timagwira nati."

Akunena zoona. Sipoko wamba ndi mamilimita 2, pomwe pogwira pa kanati kake pamaposa mamilimita 3. Anatulutsa chake, chozungulira, chopanda chigwiriro, n'kundionetsa kuti chida chotere chimafunika chachifupi kuti chizizungulira pakati pa masipoko. Cha masentimita 19 chingagunde sipoko yoyandikana nayo usanapotoze n'komwe.

Kugalaja ina ndinabwereka timasamba tachitsulo tija amayezera mpata wa mapulagi ndi mavavu, n'kuyeza mipata yonse: 0.9, 1.1, 1.3, 1.6, 2.0 ndi 2.4, m'mamilimita. Kuya kwake, kuphatikizapo kabowo, kukuchokera pa mamilimita 6 kufika pa 10, ndipo wowonda kwambiri ndiwo wosaya. Manambalawa aphanso ganizo lina, loti n'chobenthulira m'mphepete mwa galasi, pakuti galasi la pawindo limayambira mamilimita 3 kupita mtsogolo.

Juni, kumayambiriro: ganizo la geji

Kusaka ndi chithunzi pa intaneti kwabweretsa chinthu chomwe chandiimitsa mutu: choyezera kukhuthala kwa waya ndi malata. Kufanana kwake n'kodabwitsa. Nachonso n'chitsulo chophwathalala, cholimbitsidwa, cha mipata m'mphepete, ndipo mpata uliwonse umathera pa kabowo kozungulira. Ku Britain muyezo wa Standard Wire Gauge unayamba kugwira ntchito mwalamulo mu 1884, ndipo chizolowezi chotchula kukhuthala ndi nambala chinafika kuno. Mpaka lero kuhadiweya malata timagula potchula geji, 28 kapena 32. Pa muyezo wa waya uja nambala 20 ndi mamilimita 0.91, nambala 16 ndi 1.63, nambala 14 ndi 2.03. Ikani manambalawa pafupi ndi anga aja: mipata itatu ikugwera pomwepo.

Koma pali zomwe zikukana. Choyezera chopanda manambala n'chachabe, ndipo pa kachitsulo kanga, ngakhale ndi tochi ndi choko, pafupi ndi mipata palibe nambala ngakhale imodzi. Zoyezera zimakhala ndi mipata 20, 30 kapena kuposa, osati 6. Nanga chigwiriro chodzaza dzanja n'chachiyani pa chida chomwe ntchito yake n'kungolowetsamo waya ndi zala ziwiri?

Chathetsa mkangano ndi kadyekedwe ka mipata. Ndinabwereka galasi lokulitsa zinthu kwa wokonza mafoni, n'kukhala nalo pazenera. Mpata woyezera ukamatha, makoma onse awiri amasalala mofanana, kuyambira pamlomo mpaka mkati. Iyi ayi. Pa mpata wa 1.6 ndi wa 2.0, khoma la mbali ya kuchigwiriro ladyeka pamlomo, mpaka ngodya yake kubulungira n'kumanyezimira, koma mkati lili bwinobwino. Khoma linalo n'zosiyana: pamlomo lili bwino, ladyeka mkati, pomwe mpata ukukumana ndi kabowo. Kudyeka kopingasa chotere kumabwera ngati walowetsa chinthu mumpata kenako n'kukanikiza chigwiriro pansi, chinthucho n'kumatsamira ngodya ziwiri zotsutsana. Osati kamodzi, koma zaka ndi zaka. Mng'alu wa pamphete uja nawonso uli mbali yomwe mphamvu yotere imakokera. Mipata iwiri yowonda kwambiri milomo yake idakali yakuthwa. Sinagwire ntchito kwenikweni.

Choncho si choyezera. N'chopindira. Funso latsala n'lakuti chopindira chiyani.

Bambo wokhoma ndowa ndi mbaula anakana asanakagwire n'komwe. Lata, iwo akuti, amapindira pa chidutswa cha njanji ndi nyundo yamtengo. Kulipinda ndi kampata kochepa chonchi lingangochita makwinya. Waya nayenso ndamuchotsa, chifukwa chinthu chobulungira chikanasiya kangalande m'makoma, pomwe kudyeka ndikuonaku n'kophwathalala.

Zomwe ndili nazo tsopano: chinthu chachitsulo cholimba, chophwathalala, kukhuthala pakati pa milimita 1 ndi mamilimita 2 ndi theka, chaching'ono moti chopindidwacho sichifika sentimita, chofunika kupinda kambirimbiri, ndipo chimapezeka kuphiri.

Juni, pakati: kwa madala ocheka matabwa

Popeza kanali m'bokosi la kalipentala, ndinakapita nako kwa anyamata okhoma mipando ndi zitseko ku Chinamwali. Kanayenda m'manja onse, wina mpaka kukanunkhiza, koma palibe anakadziwa. Sindikuwanena. Matabwa awo amang'ambitsa pamakina, ndipo masowo omwe ali nawo ndi a zigwiriro zapulasitiki, akabuntha amangotaya n'kugula ena. Mmodzi ndiye anati: "Bwanji mukafunse madala ena kumunsi kwa phiriku? Ankacheka matabwa pamanja kalekale."

Ndinawapeza pakhonde akusema mpini. Titapatsana moni ndinawapatsira kachitsuloko ndi manja awiri. Sanakayang'ane nthawi yaitali. Dzanja linangotseka pachigwiriro, chala chachikulu n'kugwera ndendende pomwe mtengo unada ndi thukuta, ndipo anayamba kugwedeza mkono m'malere: kukanikiza pang'ono, kusuntha, kukanikiza pang'ono, kusuntha.

"Mwakatenga kuti kameneka, mwana wanga? Aka n'kosetera macheka."

Anatuma mdzukulu kukatsitsa macheka kudenga la khitchini. Ndi aja aatali pafupifupi mamita 2, otambalala kumtunda, owonda kumunsi, ocheka anthu awiri, wina pamwamba pa nsanja wina pansi. Anali akuda ndi mwaye koma mano onse alipo. Anawagoneka chagada pakati pa zipika ziwiri, mano kuyang'ana kumwamba.

"Tsinzinani diso limodzi, muyang'ane motsata mano."

Mano sanali pamzere umodzi. Lina latsamira kumanja, lotsatira kumanzere, lotsatira kumanja, mpaka kumapeto. Ndakhala ndikugwira sowo kuyambira ndili mwana, koma izi ndinkangoziona ngati mmene sowo imakhalira basi. (Yesani kunyumba, ngakhale sowo yodulira zitsulo ili ndi kukhota kwakekwake.)

Chifukwa chake n'chosavuta ukachimva. Mano akakhala pamzere umodzi, njira yomwe akudula m'mtengo imakhala yofanana ndendende ndi kukhuthala kwa chitsulo. Ukangolowa pang'ono, mtengo umapana macheka mbali zonse, amatentha, n'kukanirira. Mtengo ukakhala wauwisi ndiye zimanyanya, chifukwa ulusi wake umafufuma ukadulidwa, ndipo paini amawonjezera utomoni. Ukapinda mano uku ndi uku, njira imakula kuposa chitsulo, thupi la macheka limayenda momasuka, utuchi umapeza potulukira.

Anasankha mpata wa 2.0 osayeza n'komwe, n'kuuveka pa dzino. Unalowa bwinobwino, osagwedera. Anakanikiza chigwiriro pang'ono kwambiri, moti ndikanaphethira sindikanaona, n'kudumpha dzino limodzi kupita pa lachitatu. Khoma la kuchigwiriro linatsamira tsinde la dzino, linalo n'kukankha chakunsonga: malo omwe aja ndinawaona pagalasi.

Ndinafunsa za kabowo.

"Chimadya mtengo ndi nsonga. Nsonga ikakhudza chitsulo, yabuntha, mwagwira ntchito yachabe. Kabowoko n'koti nsonga ikhale pamphepo, chitsulo chigwire m'munsi mwake."

Ndalemba zonse zomwe ananena, chifukwa zikufotokoza chilichonse cha pa kachitsuloka. Mipata ndi yosiyana poti masowo ndi osiyana kukhuthala: yowonda ndi ya masowo a pabenchi, yaikulu ndi ya macheka ong'ambira ndi odulira zipika. Kuseta sikuyamba. Umayamba wayendetsa tupa wophwathalala pamwamba pa mano onse kuti akhale msinkhu umodzi, kenako kuwakonza maonekedwe, kenako kuseta, kunola kwenikweni n'komaliza. Dzino sulipinda lonse, umapinda theka lakumtunda. Ukaligwira patsinde limathyoka kapena kukhotetsa thupi la macheka. Dzino lomwe linatsamira kumanja lizipitabe kumanja mpaka kalekale, ukalibweza kumanzere ndiye walithyola. Umamaliza mbali imodzi, n'kutembenukira inayo.

Kuchuluka kwa kupinda kumadalira mtengo. Paini kapena bulugama wauwisi amafuna mano otangadza. Mbawa ndi mlombwa wouma zimafuna pang'ono. Ukapyoza muyezo, macheka amalemera kukoka, thabwa limatuluka lamizeremizere, ndipo mtengo wambiri umathera mu utuchi. Choipa kwambiri n'kupinda mbali imodzi kuposa inzake.

"Macheka amathawa chingwe. Mwalemba mzere wanu bwinobwino ndi chingwe cha makala, koma iwo akulowera kwawo. Thabwa likutuluka uku lonenepa uku lowonda. Wogula akakana, mlandu ngwa ndani? Ngwa wapamwamba, poti ndiye amawongolera, ndiyenso amasamala mano."

Anatulutsa chawo. N'chidutswa cha khasu lakutha, chochekedwa mipata iwiri ndi sowo yazitsulo, kumapeto kokulunga ndi mphira wa chubu. Chimagwira ntchito yomweyo. "Changachi n'cha amphawi. Chanucho n'cha m'sitolo. Amene anali nacho sanali wongothandiza kukoka, anali mwini macheka."

Ali mnyamata, iwo akuti, anachekapo mkungudza pa phiri la Mulanje, matabwa n'kumatsika nawo pamutu mpaka ku Likhubula. Amanena monyadira, ndipo ntchito inali ntchito ndithu. Koma mkungudza womwewo, mtengo wa fuko lathu, lero uli m'gulu la mitengo yomwe yatsala pang'ono kutheratu, ndipo mitengo yake ikuluikulu yochekamo matabwa yatha paphiripo. Macheka osetedwa bwino ali ndi gawo lawo pa nkhani imeneyo. Sindinawauze, anali akundiphunzitsa.

Pomaliza anandionetsa chifukwa chomwe anyamata a ku Chinamwali sanakadziwire. Mdzukulu anatola sowo yotayidwa ya chigwiriro chapulasitiki, ija mano ake amaoneka akuda mobiriwira. Madala anaveka mpata wa 0.9 pa dzino limodzi, kukanikiza, dzino linangoti thyo! Masowo amakonowa nsonga za mano amaziwotcha ndi magetsi kufakitale kuti zilimbe kwambiri. Amakhalitsa akuthwa, koma tupa sawaluma ndipo sapindika. Sowo yosanoleka sifuna chosetera, ndipo chida chikasowa ntchito kwa mbadwo umodzi wokha, dzina lake limaiwalika.

Julayi, sabata yoyamba: kuyesa ndekha

Ndagula sowo yakale ya chigwiriro chamtengo kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Kukhuthala mamilimita 0.9, mano pafupifupi onse ali chilili pamzere umodzi chifukwa chonoledwa kambiri osasetedwa. Ndinayamba ndayesa pa thabwa la paini momwe inalili: inalowa pang'ono n'kukanirira, ndikakankha ikupindika.

Ndinaipana pakati pa timatabwa tiwiri m'vayisi, mano okha atatulukira. Pa sowo yotha chonchi chovuta n'kudziwa komwe dzino lililonse linkatsamira kale. Galasi la wokonza mafoni lathandizanso, ndipo mano a mbali imodzi ndinawadontheza inki kuti ndisasokoneze. Chomwe pakhonde paja sichinaoneke ndi ichi: dzino limabwerera. Ukalikankha n'kusiya, limadzibweza pang'ono, choncho umayenera kupitirira pomwe ukufuna kuti likhale, koma pang'ono pokha. Kachitsuloka kalibe choimitsa. Muyezo uli m'dzanja, ndipo dzanja liyenera kukumbukira mphamvu yomweyo pa dzino lililonse.

Apa ndi pomwe ndamvetsa chifukwa chomwe zosetera za mtundu wa pulayala zinalandira msika. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zinayamba kuchuluka, monga za Charles Morrill wa ku New York, ndipo pambuyo pake kunabwera Stanley 42 ndi Eclipse 77 ya kampani ya James Neill ku Sheffield komweko. Zimenezo umangotchera muyezo, kufinya, kachitsulo kamkati n'kukankhira dzino pa malo otsetsereka, mano onse kupindika mofanana ngakhale wofinyayo ali wophunzira. Koma zambiri zinapangidwira masowo a pabenchi. Pa mano akuluakulu a macheka, chopindira cha mipata chinakhalabe ndi malo.

Zotsatira: sowo yadula thabwa lonse osakanirira. Njira yomwe ikusiya ndi mamilimita 1.3, zomwe zili mkati mwa lamulo la amisiri loti njira isapose kukhuthala kwa sowo kamodzi ndi theka. Inkakokera pang'ono kumanzere. Madala anandiuziratu mankhwala ake: kuigoneka pathabwa n'kuyendetsa mwala wonolera mopepuka pa mbali yomwe ikukokerayo. Yawongoka.

Gawo loyamba la ntchito ndalitseka. Ndi chosetera mano a macheka, chomwe m'makatalogi a Chingerezi chimalembedwa saw set kapena saw wrest.

Ndinaimbira azakhali. Nditangotchula macheka anaseka. "Iwe, nanga unkafunsa za kachitsulo bwanji osafunsa za ntchito? Matebulo anayamba atakula. Ife tili ana ankacheka kuphiri, ndipo nsima tinkawapititsira komweko." Ndinafunsa ngati ankaima pansi kapena pamwamba. "Pamwamba. Wapansi ankabwera mutu uli mbuu ndi utuchi, iwo ayi." Zikugwirizana ndi mipata: ya 1.6 ndi 2.0 ndiyo yatha, ya masowo a pabenchi idakali yatsopano.

Julayi, pakati: anapanga ndani, chinafika bwanji

Maonekedwe sathandiza pa za chaka, chifukwa chida chimenechi n'chakale kwambiri ndipo sichinasinthe. Joseph Moxon wa ku London anachifotokoza kale m'mabuku ake a ntchito zamanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1670. Chotsala n'kachizindikiro ka timasamba kaja.

Makampani a ku Sheffield aliyense anali ndi chizindikiro chake. Ward & Payne ankadinda nyundo ziwiri zopingasa pamwamba pa chosulira. William Marples & Sons a ku Hibernia Works ankadinda shamrock, kachomera ka masamba atatu kodziwika ndi dziko la Ireland, ndipo m'makatalogi awo zosetera za mipata za zigwiriro zamtengo zilimo. Ndinaika pepala lopyapyala pa chidindo n'kupakapo pensulo chogoneka. Masamba awiri obulungira atuluka bwino, ndi kaphesi kokhota pansi pake. Nyundo palibe. Ndikutsamira kwa Marples, koma m'kaundula wanga ndalemba ndi pensulo mpaka nditafananitsa ndi chidindo chosadyeka. Tchizulo imodzi ya m'bokosi lomwelo ili ndi chidindo pakhosi chomwe sindinachitsuke. Ikakhala ya kampani yomweyo, ndiye kuti mwina zinagulidwa pamodzi.

Njira yofikira ku Domasi ili pawiri. Mishoni ya Domasi inatsegulidwa mu 1884 ndi a Church of Scotland ochokera ku Blantyre, ndipo mamishoni a Asikotiwa ankaphunzitsa ukalipentala, kuumba njerwa ndi ntchito zina zamanja, zida zake zochokera ku Britain. Njira ina ndi sitolo. African Lakes, kampani yomwe inayambira ku Glasgow mu 1878 ndipo tonse timaidziwa kuti Mandala, inali ndi masitolo m'maboma ambiri ogulitsa katundu wa ku Britain. Agogo akhoza kukhala kuti anagula okha ndi ndalama za matabwa, kapena analandira kwa mmisiri yemwe anawaphunzitsa. Kutha kwa mipata iwiri ija kukundichititsa kuganiza kuti kanadutsa m'manja oposa amodzi, chifukwa chitsulo chokana tupa sichidyeka choncho m'zaka zochepa.

Zomwe zatsala pamndandanda: kutsuka khosi la tchizulo ija ndi palafini, kukafunsa ku National Archives kuno ku Zomba ngati ndingaone zotsatsa malonda za mu Nyasaland Times yakale, ndipo ndikadzapita ku Blantyre, kukwera ku laibulale ya Society of Malawi pamwamba pa Mandala House. Chigwiriro ndachipaka mafuta a linseed pang'ono. Mphete yong'aluka ndaisiya momwemo, wowotcherera asaikhudze, poti mng'aluwo ndi umboni.

Madala aja atumiza uthenga kudzera kwa mdzukulu. Mphepo yagwetsa bulugama wamkulu kumanda a m'mudzi mwawo, amfumu alola kuti achekedwe matabwa a mabenchi, ndipo anyamata awiri avomera kukoka macheka ngati madalawo awakonzera mano. Akupempha kubwereka chosetera cha m'sitolo. Ndavomera, koma ndiyamba ndajambula mipata yonse 6 pansi pa galasi, chifukwa wa 2.0 ukadzabwerako udzakhala utadyekanso.